Nantchengwa wamanga chisa kudimba kwanga, nditani?

Mlimi wa ku Linthipe:
Abale, ndigawireni nzeru. Anantchengwa awiri akumanga chisa pamphanda ya mkuyu umene uli kudimba kwanga, m'mbali mwa mtsinje. Chisacho chakula ngati nkhokwe. Mtengowo ndimafuna kuusadza chifukwa mthunzi ukundiphera tomato, koma apongozi anga akuti ndisayerekeze. Iwo omwewo akutinso mbalameyi ikamalira pafupi ndi mudzi ndiye kuti kugwa maliro. Nanga nditani? Komanso mbalame yongokulirapo pang'ono kuposa khwangwala, chinyumba chonsechi n'chachiyani?

Msodzi wa ku Liwonde:
Achimwene, nkhwangwayo ibayamba yakhala pansi. Amamanga awiri, wamwamuna ndi wamkazi, kututa timitengo masauzande kwa milungu yambiri. Khomo limakhala cham'munsi, lomata ndi matope, ndipo denga limalimba moti munthu wamkulu atha kuimapo osabooka. Amaikira mazira 3 mpaka 7 n'kufungatira masiku ngati 30. Chimene chimandiseketsa n'chakuti amatha kumanga zisa zingapo chaka chimodzi, zina osaikiramo n'komwe. Kuno ku Shire ndimawaona atatera pamsana pa mvuu, maso ali pamadzi.

Mayi wa ku Mchinji:
Apongozi anu musawatsutse pamaso, bambo. Kwathu agogo ankati mbalameyi imagwirira ntchito afiti, chifukwa padenga la chisa chake pamapezeka nsanza, mafupa ndi zina zotola pamudzi. Masiku ano imatola ndi majumbo omwe. Si ife tokha oiopa: ku South Africa ena amati wophwasula chisa chake mphezi imamutsata, ku Madagascar amati amadwala khate.

Mphunzitsi wopuma:
Ine ndimaona kuti mantha ambiri anabwera chifukwa cha alendo a m'chisamo. Eni ake akachokamo, mwinanso asanachoke, mumalowa akadzidzi, njuchi, ng'azi, ngakhale njoka. Mwana wopisamo dzanja atha kuona zakuda, choncho akuluakulu poletsa sankalakwa. Nanga kadzidzi akamalira usiku ali m'menemo, mlandu sugwera nantchengwa? Tomato wanu sadya ayi. Chakudya chake ndi achule, ambululu ndi tinsomba: amavundula matope ndi phazi, chikangotuluka watola. Dikirani ana auluke, kenako mudule nthambi za mbali ya dimba zokha, mphandayo muisiye.

Mlimi wa ku Linthipe:
Zikomo nonse, ndichita zimenezo. Koma aphunzitsi, ndidziwa bwanji kuti ana auluka, poti m'katimo simuoneka? Kukwera ndiye sindikwera, nkhani ya njokayo yandikwana.