Hansen akungobwera 1.000, reviewer wakana GMM yanga

woyambitsa: Akuluakulu ndithandizeni, nthawi ya R&R (yokonza pepala ndi kulibweza ku journal) yatsala pang'ono. Pepala ndi la speed of adjustment ya leverage, kutanthauza liwiro lomwe kampani imabwezera gawo la ngongole pa chuma chake ku mlingo womwe ikufuna (target), makampani 90, zaka 18. Mabanki ndi ma utility ndinachotsa, winsorize (kudula manambala opitirira muyezo) pa percentile 1 ndi 99. Njira yowerengera ndi system GMM, pa command ya Stata ya xtabond2, twostep robust. Coefficient ya leverage ya chaka chapita ikubwera 0.93, pomwe pa njira zina, OLS (regression wamba) ikupereka 0.88, fixed effects 0.61. P-value ya Hansen, test yoyesa ngati ma instrument ali ovomerezeka, ndi 1.000. Ma instrument (ma variable a zaka za m'mbuyo omwe GMM imadalira) adutsa 400. Reviewer wachiwiri wangoti sakukhulupirira, basi. Ndikudziwa kuti ma instrument achuluka, koma ndidule pati osagwetsa tebulo lonse?

wa_econometrics: Tebulolo lagwa kale, a Dokotala. OLS imakweza coefficient imeneyi, fixed effects imaitsitsa chifukwa cha Nickell bias (kupotoka komwe kumabwera zaka zikachepa), ndiye yoona iyenera kukhala pakati pa 0.61 ndi 0.88. Yanu yatulukira kunja. Hansen sakuvomereza kanthu, wangofooka chifukwa ma instrument aposa makampani kanayi. Amachulukana mofulumira kwambiri zaka zikamawonjezeka: variable imodzi yokha pa zaka 18 ikupatsani opitirira 130 mukalola ma lag onse (zaka zonse za m'mbuyo). Ikani collapse (option yochepetsa ma instrument), ma lag akhale 2 mpaka 4, muonetsetse kuti chiwerengero chili pansi pa 90, kutali ndithu. Chenjerani apa: mukalemba L.lev (leverage ya chaka chapita) mkati mwa option ya gmm, lag iyambire pa 1. Mukayambira pa 2 ndiye kuti mwayambira zaka zitatu m'mbuyo osadziwa, ndipo ma instrument amafooka.

wa_capital_structure: Mukukonza denga nyumba ilibe maziko. Leverage imakhala pakati pa 0 ndi 1, kampani ikafika kumapeto ilibe kolowera koma kubwerera pakati. Chang ndi Dasgupta anaonetsa mu 2009 kuti ngakhale kampani izisankha ngongole kapena equity mwachisawawa, regression imeneyi imaonetsabe ngati ikulondola target. GMM sichiza zimenezo.

wa_econometrics: Nzoona, koma reviewer sanafunse zimenezo. Wafunsa za ma instrument.

wa_capital_structure: Sanafunse pa round ino.

mkonzi_wothandizira: Musangotumiza specification imodzi yomwe yatuluka bwino. Aliyense amadziwa kuti GMM ungaipotoze mpaka ikupatse nambala yomwe ukufuna. Ikani tebulo la ma lag 2 mpaka 3, 2 mpaka 4, 3 mpaka 5, ndi collapse komanso popanda, pansi pa column iliyonse mulembe chiwerengero cha ma instrument, AR1 ndi AR2 (ma test a autocorrelation pa lag 1 ndi 2), Hansen ndi difference-in-Hansen. AR1 kukana ndi zoyembekezeka. AR2 ikakana, lag 2 si instrument yovomerezeka, yambirani pa 3. Difference-in-Hansen ndi imene ambiri amabisa, chikhalirecho ndiyo imayesa ma instrument a level equation. Ngati muli ndi makampani omwe angolowa kumene pa stock exchange, leverage yawo ikadali kutali ndi pomwe idzakhazikike, ndipo assumption ya Blundell ndi Bond, yomwe system GMM imadalira, imavuta pamenepo. Ma year dummy musaiwale, apite mu option ya iv.

woyambitsa: Panel ili ndi mipata, makampani ena akusowa chaka chimodzi kapena ziwiri pakati. Ndi collapse ma observation atsika kwambiri.

wa_econometrics: Si collapse yawadya, ndi first difference (kuchotsera chaka chapita pa chaka chino). Chaka chimodzi chikasowa mumataya ma difference awiri. Onjezani option ya orthogonal, yomwe sitaya ma observation ambiri pa mipata. Muonenso xtset (command youza Stata kampani ndi chaka), ngati kampani inasintha mwezi wotsekera mabuku mutha kukhala ndi chaka chobwereza kapena mpata wabodza.

wa_capital_structure: Ndibwerezanso. Makampani opanda ngongole ndi komwe ndi angati mu sample yanuyo? Amene ali pa ziro chaka ndi chaka amakweza persistence, amene ali pafupi ndi 1 amabwerera okha. Pangani simulation: tengani financing deficit (ndalama zomwe kampani ikufunika kupeza kunja) yeniyeni ya kampani iliyonse, kusankha ngongole kapena equity kukhale kwa mwayi, muthamangitse estimator yomweyo. Speed ikafanana ndi yanu, mulibe pepala.

mphunzitsi_wa_MBA: Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kusiyana kwa tanthauzo. Pa 0.93 kampani imatenga zaka pafupifupi 9 ndi theka kutseka theka la mpata, pa 0.61 sizifika chaka ndi theka. Data yomweyomweyo. Ndiye tikaimirira m'kalasi n'kumati trade-off theory, yoti kampani ili ndi target ya ngongole, ili ndi umboni, tikunena nambala iti? Fama ndi French mu 2002 anapeza liwiro lochepa, Flannery ndi Rangan mu 2006 anapeza lopitirira 30 peresenti pachaka, ndipo mbali yaikulu ya kusiyanako ndi estimator.

mkonzi_wothandizira: N'chifukwa chake ndi makampani 90 okha ndingaikenso corrected LSDV (LSDVC, fixed effects yokonzedwa bias), command yake xtlsdvc imalola unbalanced panel, ya mipata. Flannery ndi Hankins mu 2013 anaipeza ikuchita bwino pa data ya mtundu uwu. Koma imatenga ma regressor ena onse ngati exogenous, ndiye profitability ndi market-to-book reviewer akugwirani nazo. Mulembe zimenezo nokha m'kalata yoyankha asanakuuzeni. Ndipo ngati masiku sakukwana, pemphani editor akuwonjezereni tsopano, osati tsiku lomaliza.

wa_capital_structure: LSDVC nayonso sidziwa kuti leverage ili ndi malire. Simulation ija.