Wodwala wa morphine wamangika m'mimba, bisacodyl kulibe

Nachisale: Anzanga thandizeni msanga. Ndili ndi mayi wa Ca cervix (khansa ya khomo la chiberekero), ali pa morphine wamadzi (mankhwala amphamvu oletsa ululu), sabata ikukwana osachita chimbudzi. Bisacodyl, mankhwala othandiza kuchita chimbudzi, ku pharmacy anatha, mnzake lactulose akuti akagule, ndalama azitenga kuti? Guardian wayamba kale kudumphitsa morphine, akuti ndi amene wamanga m'mimba. Ululu wabwerera. Njere za papaya zothandiza kuchita chimbudzi zija mumapereka bwanji?

Phiri: Asiye ufa woyera. Mgaiwa, therere, bonongwe, madzi ambiri. Basi.

Nangozo: A Phiri, munthu amene akulephera kumaliza phala mukuti adye mgaiwa? Morphine amagonetsa matumbo. Mukathiramo gaga pomwe madzi sakumwa, mukungowonjezera njerwa. Laxative (mankhwala othandiza kuchita chimbudzi) imayenera kuyamba tsiku lomwelo limene morphine wayamba, ndipo sasiya, chifukwa thupi silizolowera ngati mmene limachitira ndi nseru.

Mbewe: A Sister, tisanafike ku njere, mwapanga PR (kupima ndi chala kumbuyo)? Mphweya ukutuluka? Akusanza? Mimba yatupa? Ca cervix imatha kutseka njira yokha. Ngati ndi obstruction (kutsekeka kwa matumbo) musapereke chilichonse chokankha, mupweteketsa munthu.

Nachisale: Mphweya ukutuluka, sakusanza, mimba ndi yofewa. PR sindinapange, magolovesi tikuchita kuwerenga.

Mbewe: Pezani awiri okha. Ngati chauma pakhomo pomwepo, zakumwa sizichita kanthu. Vaselini ndi chala, pang'onopang'ono, mutamupatsa kaye mankhwala a ululu. Chenjeraninso ndi fistula, bowo lolumikiza njira ya chimbudzi ndi njira ya amayi.

Nangozo: Njerezo: za papaya wakupsa, aziyanike ziume, azisinje. Kasupuni kamodzi ka tiyi m'phala usiku, muone mawa lake. Zimawawa ngati tsabola, ena amakana. Supuni yamafuta ophikira m'mawa asanadye imathandizanso kufewetsa. Koma mlingo wake si wofanana ngati wa piritsi, papaya wina ndi wina amasiyana. Ndipo kwa woyembekezera ine sindipereka, ngakhale atamangika ndi ferrous, mapiritsi owonjezera magazi aja.

Phiri: Makolo athu ankadya mgaiwa, za kudzimbidwa sankazidziwa.

Nangozo: Makolo athu sanali pa morphine, achimwene.

Kalua: Mwandikumbutsa agogo ena. Anabwera nawo akuti akutsekula m'mimba, zamadzimadzi zikungodontha pachitenje. Kunyumba anali atawagulira kale loperamide, mankhwala oletsa kutsekula m'mimba. Titapanga PR tinapeza chouma gwa, zamadzizo zimangodutsa m'mbali. Guardian anatsutsa mpaka tinamuonetsa zomwe tinatulutsa mu kidney dish. Anangogwira pakamwa.

Mbewe: Yanga inali ya bambo wa kumudzi, mimba ngati ng'oma. Anamwetsedwa zitsamba zotsekula masiku angapo, kenaka anamupopa madzi a sopo kumbuyo. Inali sigmoid volvulus (thumbo lalikulu kupotokoka), ndipo kuno si yachilendo kwa azibambo akuluakulu. Pofika ku theatre thumbo linali litada kale. Chiyambire pamenepo, ndikamva mawu oti kudzimbidwa ndimafunsa kawiri. Wina akutanthauza kuti wakhuta kwambiri nyemba, wina akufa.

Nachisale: Guardian akufunsanso za aloe vera, akuti ali naye pakhomo.

Kalua: Ayi. Madzi achikasu aja amatsekuladi koma amapotokola m'mimba, ndipo ku Ca cervix impso zimakhala zili kale pamavuto. Akatsekula kwambiri n'kuuma thupi, morphine adzaunjikana m'magazi, mudzapeza munthu akungosinza. Chachikulu khalani naye pansi guardianyo, asasiye morphine. Muwonenso ngati mayiyo akutha kufika kuchimbudzi. Ena amadzigwira dala chifukwa kunjuta pa dzenje kukuwapweteka, ndipo akuchita manyazi kupempha ndowa pamaso pa apongozi. Mpando wobowola pakati umagwira ntchito.

Phiri: Zonsezo ndamva, koma akachira pang'ono ayambe mgaiwa.

Nangozo: Mwa njira, amene muli ndi bisacodyl wotsala tiuzeni, ifenso watsala botolo limodzi. Ambulansi yathu ikupita ku boma Lachinayi.

Kalua: Ngati mafuta apezeka.