Ndithandizeni nzeru pa fizi ya ku yunivesite

Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndakhoza mayeso a MSCE ndi mapointi 15, ndipo ndikufuna kufunsira malo ku yunivesite kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite. Mtima wanga uli pa zaulimi ku LUANAR, ku Bunda, koma anzanga akuti ndiike Mzuni poyamba. Kodi mmene munthu wasanjira zosankha zake pa fomu zimakhudzadi mwayi wotengedwa?

Chimene chikundisowetsa tulo ndi ndalama. Bambo anamwalira, mayi amagulitsa mandasi ndi tomato pamsika, ndipo fizi ya ku sekondale amandilipirira ndi amalume, omwenso ali ndi ana awo pasukulu. Kuwasenzetsanso zaka zinayi sindingathe ayi.

Inu amene munalandirapo ngongole ya ophunzira ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, amafuna zikalata zanji? Kalata ya amfumu ndi chikalata cha imfa ya bambo zingakwanire? Nanga ndalamayo imathera pa fizi pokha, kapena imafikanso pa chakudya ndi lendi kwa amene asowa malo ku hositelo? Ikachedwa kutuluka, mumayamba bwanji maphunziro?

Kapena ndiyambe ndaphunzira zamagetsi ku koleji ya ntchito zamanja, yunivesite idzabwere ndikadzayamba kupeza kangachepe?