Kodi mfutso ndi ndiwo zothira soda zimatsala ndi vitamini C?

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mukudziwa bwino za kadyedwe. Mayi anga anawapeza ndi vuto la kuchepa kwa magazi, ndipo kuchipatala anawapatsa mapiritsi a ayironi n'kuwalangiza kuti azidya zipatso kawirikawiri, popeza vitamini C amathandiza thupi kuyamwa ayironi wopezeka mu nyemba ndi masamba. Nkhama zawo zimatulukanso magazi akamatsuka mano, zomwe zimaoneka kwa anthu osowa vitamini ameneyu, ngakhale kuti matenda ena a m'kamwa amachititsanso zomwezo.

Nkhawa yanga yagona pa kaphikidwe kathu. Vitamini C amasungunuka m'madzi ndipo amawonongeka ndi kutentha, makamaka m'ndiwo mukathiridwa soda kapena chidulo, pamene kwathu therere ndi chigwada siziphikidwa popanda zimenezi, ndipo mayi sangamve n'komwe zoti asinthe. M'chilimwe muno tikudalira mfutso wa nkhwani ndi khwanya, umene timayamba taufutsa kenako n'kuuyanika padzuwa. Kodi m'ndiwo zotere mumatsala vitamini wokwanira, kapena tingoziwerengera ngati zodyera nsima basi?

Magwafa anatha, mango sanapse, koma malambe alipo ambiri. Kodi munthu wamkulu angafunike masipuni angati a ufa wa malambe kuti afike pa mamiligalamu 45 a vitamini C patsiku amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa? Nanga ndi bwino kuuthira m'phala lotentha monga tinazolowera, kapena tiziusungunula m'madzi ozizira kuti azimwera mapiritsi aja?