Chikalata chosainitsa ophunzira njinga yamoto, tilembemo chiyani?

Akuluakulu, tithandizeni nzeru. Gulu lathu la akabaza likufuna kuyamba kuphunzitsa anyamata pabwalo asanakayesedwe ku Road Traffic. Za layisensi tikuzidziwa: Code A1 ndi ya njinga zosapitirira 125cc, Code A ndi ya zazikulu kuposa pamenepo, ndipo munthu amayamba watenga kaye lena, chomwe ndi chilolezo chophunzirira kuyendetsa. Pomwe tatsamwa ndi pa chikalata choti wophunzira asaine asanakwere.

Talembamo kuti akuvomereza kuti akhoza kugwa kapena kupsa mwendo ndi ekizozi, kuti azivala helemeti yomanga lamba pachibwano ndi nsapato zotseka, osati patapata, komanso kuti sakwera atamwa mowa. Pansi pali dzina, nambala ya chiphaso chaunzika, tsiku ndi mboni ziwiri.

Ophunzira ambiri amagwa chifukwa chotaya kilatchi mwadzidzidzi, kapena kufinya buleki yakutsogolo akukhota pamchenga. Zimenezo ndi zawo. Nanga buleki ikakana poti mapadi adatha, kapena tcheni chikavuka poti sitinachikunge, chikalatacho chingatiteteze kukhoti? Ife tikuona ngati ayi, pakuti kumeneko ndi kusasamala kwathu, koma odziwa malamulo atiuze.

Mwana wosakwana zaka 18, kusaina kwa kholo n'kokwanira? Wophunzira akagunda munthu wodutsa, inshuwalansi ya third party (yolipira anthu ena amene mwawavulaza kapena kuwaonongera katundu) imalipira ngakhale ali ndi lena chabe? Ndipo chikalata cholembedwa m'Chichewa chokha chili ndi mphamvu, kapena mpaka chikadindidwe kwa loya?