Kaseti ya malemu achimwene ija yapulumuka

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa mmene ndingapulumutsire kaseti ya malemu achimwene, muli nyimbo ya ubwana wathu kumudzi imene anajambula asanatchuke koma sinatuluke. Ndinamvera malangizo oti ndisaiike mu wailesi yathu yodya matepi ija. Ndinayamba ndaizunguliza ndi bolopeni, kenako tinalumikiza deki (makina oimbira kaseti) ku kompyuta n'kujambula ndi pulogalamu ya Audacity, mu WAV (fayilo yosunga mawu onse mmene alili) osati MP3.

Tisanaitumize pa WhatsApp tinakaonana ndi a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi ntchito zina za luso, monga ena munanenera. Okonda nyimbo zawo akungotumiza mavoisi akulira, makamaka pa ndime ya amayi akukazinga chimanga ife tikuwotha moto. Amayiwo anamvera mpaka pakati, n'kutuluka panja osalankhula.

Amene muli ndi kaseti yotere, yambani mwapukuta hedi ya deki (kachitsulo kamene tepi imakhudza ikamaimba) ndi spiriti. Ife tinaiwala, ulendo woyamba mawu ankamveka ngati akuimbira m'madzi.