Za AC yanga ija, yatheka

Paja sabata yatha ndinafunsa za AC yanga (makina oziziritsa m'nyumba) yomwe imangotulutsa mpweya wotentha, bokosi lakunja likungong'ung'udza koma fani yake osazungulira. Yakonzeka abale.

Ambiri munati gasi woziziritsa watha ndipo inenso ndinali nditagula kale maganizo amenewo, koma ayi ndithu. Mmisiri atabwera anazimitsa kaye magetsi, kutsegula chivundikiro cham'mbali n'kundionetsa kapasita, kachitini kakang'ono chabe pamwamba pake patafufuma, kameneka ndi kamene kamakankha fani ndi kompulesa (pampu ya gasi uja) kuti ziyambe kuyenda. Anaika kena ka manambala ofanana, 35/5 µF, basi kuzizira kunabwerera pompo. Anandichenjeza kuti ndisadzayerekeze kukagwira ndekha poti kamasunga magetsi ngakhale mutazimitsa.

Fyuluta yosefa mpweya nayo eish, fumbi lake mpaka manyazi, ndangotsuka ndi madzi n'kuyanika.

Masiku asanu odikira aja ndimapulumukira kutseka makatani masana onse, mawindo kutsegula usiku, thaulo lonyowa pakhosi fani wamba ali patsogolo, komabe tulo timabwera cha m'ma 2 koloko. Chizolowezi choizimitsa n'kuiyatsanso nthawi yomweyo ndasiya, akuti muzidikira kaye mphindi ngati zitatu kompulesa ipume.